Zidole za pa Intaneti: Chithunzi ndi Chofika m'Manja

Chaka chikamayamba, aphunzitsi a sukulu za mkaka ndi a Sande sukulu amakhala pa kalikiliki kufunafuna zipangizo zophunzitsira ana. Mwa zipangizo zonse palibe chimene chimakopa mwana ngati chidole cholankhula, chija mphunzitsi amaloŵetsamo dzanja kapena kuchiyendetsa ndi zingwe. Mwana wamanyazi amene sayankha mphunzitsi wake angathe kuyankha Kalulu wansalu, namufotokozera zonse za kwawo. Masiku ano zidole zotere zikupezeka pa foni ya m'manja. Munthu ali khale ku Ntcheu kapena ku Rumphi amaona chithunzi cha chidole chochokera ku India, ku Peru kapena ku Ulaya, pansi pake atalembapo kuti n'chopangidwa ndi manja, mtengo wakenso wooneka wotsika. Koma akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula pa intaneti saloledwa kuung'amba mkuyuwo asanalipire.

Poyamba pafunika kuwamvetsa mau akuti "chopangidwa ndi manja". Msika wa pa intaneti wotchedwa Etsy, umene unayamba mu 2005 ku Brooklyn mu mzinda wa New York, unatchuka chifukwa chogulitsa zinthu za amisiri ang'onoang'ono. Koma mu Okutobala 2013 eni ake anasintha malamulo, nalola kuti wogulitsa azilemba antchito kapena kupangitsa katundu wake ku fakitale, malinga ngati maonekedwe a katunduyo anawakonza ndi iyeyo. Kuchokera apo mau aja anatambasuka. Chidole chimene munthu mmodzi wachisema kwa mlungu wathunthu ndi chimene mutu wake wathiridwa m'chikombole, manja a munthu n'kungopakapo utoto, zonse zingathe kutchedwa ndi dzina limodzi. Pamisika ina mauwo sawayang'anira n'komwe.

Chitsanzo chabwino ndi zidole za ku Rajasthan, chigawo chouma cha kumpoto chakumadzulo kwa India. Kumeneko amazitcha kathputli, dzina lochokera ku mau aŵiri otanthauza mtengo ndi chidole. Eni luso limeneli ndi anthu a fuko la Bhat, amene kwa mibadwo yambiri akhala akuyenda mudzi ndi mudzi kuonetsa maseŵero a mafumu ndi ankhondo akale, makamaka nkhani ya Amar Singh Rathore. Mutu ndi khosi la chidole amazisema kuchokera ku mtengo wa mango, mtengo womwewu uli pakhomo pa anthu ambiri m'Malaŵi muno. Thupi ndi mikono amazisoka ndi nsalu n'kuphatikiramo thonje kapena sanza. Miyendo nthaŵi zambiri palibe; m'malo mwake pamakhala chovala chachitali chokhwekhwereza pansi, chosokedwa ndi zidutswa za nsalu zakale za amayi. Woseŵeretsa sagwira ndodo kapena mtanda, koma amakoleka zingwe ku zala zake, ndipo mau a chidole amawatulutsa ndi kachitoliro ka nsungwi kamene amakaika m'kamwa.

Tsono chidole cha ntchito chotere n'chosiyana kutali ndi chija chogulitsidwa kwa alendo, ngakhale kuti pachithunzi zimakhala ngati mapasa. Zogulitsa motchipa, kaŵirikaŵiri ziŵiriziŵiri, mfumu ndi mkazi wake, n'zopachika pakhoma. Zili ndi chingwe chimodzi, mikono yake ndi yolimba yosapindika, ndipo zonyezimira za pa chovala amangozimata ndi guluu osazisokerera. Palibe cholakwa kugula chokongoletsera m'nyumba ngati munthu akufuna chimenecho. Vuto limabwera pamene mphunzitsi wasonkhetsa makolo ndalama kuti ana aone seŵero, ndiye phukusi litafika n'kupeza kuti chidolecho sichitha ngakhale kuŵerama. Mtengo wosemedwa usanaume nawo uli ndi khalidwe lake: umang'aluka pa mphumi kapena pa mphuno pakangopita miyezi yoŵerengeka, ndipo wina umafika uli wofumbwa kale. Timabowo ting'onoting'ono ndi ufa wogwa pansi pa chidole ndiye umboni wake.

Sikuti amisiri enieniwo zinthu zikuwayendera ai. Ku Delhi kunali malo otchedwa Kathputli Colony, kumene kunkakhala mabanja pafupifupi 2,800 a oseŵeretsa zidole, oimba ndi amatsenga a pa msewu. Mu 2017 nyumba zawo zinagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zatsopano zosanja, anthuwo nasamutsidwira ku misasa yongoyembekezera. Maseŵero akachepa, mmisiri amakakamizika kusema zidole zambiri zofulumira kuti apeze chakudya cha tsiku limenelo. Choncho kuchepa kwa luso pa chidole chotchipa nthaŵi zina si ulesi wa wosema, koma njala yake.

Ku Ulaya mbiri ya zidole za zingwe ili ndi dziko la Czechia, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO linaika luso limeneli, pamodzi ndi la ku Slovakia, pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Amisiri a kumeneko amakonda mtengo wa linden chifukwa ndi wofeŵa posema, wopepuka, komanso suchita kupindika ukauma. Koma zidole zambiri zotsika mtengo za m'masitolo a alendo ku Prague mitu yake ndi ya pulasitala kapena ya zinthu zonga pulasitiki zothiridwa m'chikombole. Mutu wa pulasitala ukagwa pa simenti umasweka ngati dzira. Ku Java m'dziko la Indonesia nkhani ndi yomweyo. Zidole za mthunzi zotchedwa wayang kulit, zimene UNESCO inazilemekeza mu 2003, amazipanga ndi chikopa cha njati yoŵeta, chopalidwa mpaka kupyapyala ndi kuboledwa ndi tizitsulo tambirimbiri, zogwirira zake n'kukhala za nyanga. Zotchipa zimakhala za katoni ndi timitengo ta nsungwi, ndipo chinyezi cha dzinja limodzi chimakwanira kuzipinda.

Zidole zimene ambiri angazikwanitse ndi tija tovala ku chala, toluka ndi ulusi. Tambiri timachokera ku Peru, kumene amayi a m'dera la Puno, m'mbali mwa nyanja ya Titicaca pamtunda wa mamita pafupifupi 3,800, amaluka tinyama tosiyanasiyana: mkango, nyani, mbalame, ng'ona. Kunena zoona, timeneti ndi topangidwadi ndi manja, ndipo pa kalasi ya ana aang'ono n'tothandiza kuposa chidole chachikulu chodula. Chofunika kuchenjera nacho ndi ulusi. Wogulitsa wina amalemba kuti ndi ubweya wa alpaca, nyama yoŵetedwa m'mapiri a Andes, nakweza mtengo, pamene ulusiwo uli wa akiriliki, wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Njira yodziŵira ndi yapafupi ndipo atelala ena amaidziŵa. Munthu amadula kachidutswa ka ulusi n'kukayatsa ndi machesi, kutali ndi ana. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopserera, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka pakati pa zala. Akiriliki amasungunuka, nasiya kachibuluma kakuda kolimba. Akirilikiyo si woipa. Amachapika bwino ndipo njenjete sizimudya. Choipa ndi kulipira mtengo wa ubweya pa chinthu chimene si ubweya.

Zonsezi n'za ndalama, ndipo ndalama ikatayika imapezekanso. Nkhani yaikulu ili pa moyo wa mwana. Mwana wosakwana zaka zitatu amayesa chinthu chilichonse ndi pakamwa, ndipo malo oyamba amene amaluma pa chidole ndi diso. Diso la batani, la mkanda kapena la pulasitiki lomata ndi guluu limathothoka mosavuta ndipo lingathe kumutsamwitsa. M'maiko a ku Ulaya ndi ku America oyesa zoseŵeretsa ali ndi kachitini kotseguka kukamwa mamilimita 31.7, koyerekeza mmero wa mwana. Kachidutswa kalikonse kokwana m'kachitiniko saloledwa kukhala pa choseŵeretsa cha mwana wa msinkhu umenewu. N'chifukwa chake chidole cha ana aang'ono chiyenera kukhala ndi maso opeta ndi ulusi. Chidole cha zingwe zazitali nacho si chosiyira khanda, popeza chingwe chingamukulunge m'khosi. Chimenecho n'cha m'manja mwa mphunzitsi.

Chinanso ndi utoto. Utoto wina woŵala, makamaka wachikasu ndi wofiira, amausakaniza ndi mtovu, umene ukaloŵa m'thupi mwa mwana umaononga ubongo pang'onopang'ono popanda chizindikiro chooneka msanga. Mu 2007 kampani yaikulu ya Mattel inaitanitsa zoseŵeretsa zoposa miliyoni imodzi kuti zibwezedwe chifukwa cha mtovu wa mu utoto, ndipo mu 2008 dziko la America linakhwimitsa lamulo, moti tsopano utoto wa pa zoseŵeretsa suyenera kupitirira magawo 90 a mtovu pa magawo miliyoni imodzi. Ngati kampani yokhala ndi akatswiri oyesa inagwa m'mbuna yotere, nanga mmisiri wa pansi pa mtengo amene amapaka chidole ndi penti wotsala popaka chitseko? Iye sachita dala, mwina sadziŵa n'komwe. Ena amadalira chizindikiro cha zilembo za CE. Chizindikirochi chili ndi ntchito yake, koma pa zoseŵeretsa zambiri amachiika ndi wopangayo mwini pofuna kunena kuti watsata malamulo a ku Ulaya. Si chidindo cha munthu wa boma amene anachigwira chidolecho. Ndipo wogulitsa akalemba kuti chidole n'chokongoletsera, osati choseŵeretsa, mauwo ayenera kumvedwa monga momwe alili.

Safunsa anadya phula. Wogula wanzeru amayamba walembera wogulitsa asanatumize ndalama, namupempha chithunzi cha chidolecho chitatembenuzidwa kunja kukhala m'kati. Kumeneko ndiko kumaoneka ntchito ya mmisiri: ngati misoko ndi yobwereza m'khwapa ndi m'khosi, mmene nsalu imakokedwa kwambiri, ngati m'mphepete mwa nsalu mwapindidwa kuti musamasosoke, ngati muli nsalu yachiŵiri yoteteza dzanja ku thukuta. Afunsenso za pakamwa. Pakamwa pa chidole cholankhula pamakhala kanthu kolimba, ndipo ngati ndi katoni wamba chidolecho sichingachapidwe, pamene chidole chogwiridwa ndi ana makumi anai chimafuna sopo mlungu uliwonse. Afunse kutalika kwake m'masentimita, chifukwa chithunzi sichinena msinkhu, ndipo chidole chosokeredwa dzanja la mwana sichiloŵa dzanja la munthu wamkulu. Kanema wamfupi woonetsa chidolecho chikuyenda amaposa zithunzi khumi. Chithunzi chimodzimodzi chikapezeka kwa ogulitsa asanu osiyana, aliyense akunena kuti anachipanga yekha, yankho lapezeka kale.

Pamwamba pa mtengo wolembedwa pali ndalama yotumizira, imene nthaŵi zina imaposa mtengo wa chidole chenichenicho, kenaka msonkho wa katundu woloŵa m'dziko ndi kusinthasintha kwa mphamvu ya kwacha. Kubweza katundu wolakwika ku India kapena ku Peru kumadya ndalama yoposa imene munthu akufuna kubwezeredwa. Nyengo ya kuno nayo ili ndi chiŵeruzo chake. Mutu wa mapepala osinja omata ndi phala la ufa ndi chakudya cha mphemvu ndi makoswe, waya wa m'mikono amachita dzimbiri, ndipo siponji yotchipa imafumbutuka ikakhalitsa pa kutentha kwa ku Chikwawa kapena ku Nsanje.

Mphunzitsi akaŵerengetsera zonsezi angathe kupeza kuti telala wa pa khonde la sitolo, atapatsidwa chithunzi chomwecho ndi zidutswa za chitenje, amasoka Kalulu, Fisi ndi Kamba pa ndalama ya chidole chimodzi chakunja. Pakamwa pake amadulira chigubu chakale cha pulasitiki chotsukidwa bwino, maso n'kupeta ndi ulusi wakuda. Wosema ziboliboli nayenso angaseme mutu wa mtengo wa mango wouma bwino, n'kuupaka mafuta ophikira m'malo mwa penti. Msoko ukamasuka pakati pa teremu, telalayo ali pompo pa msika, ndipo chidolecho chimabwerera m'kalasi tsiku lomwelo.