Mpanda ndi Dimba: Lamulo ndi Chikondi pa Moyo wa Mkhristu

 Lero tikambirana funso limene lakhala likuvutitsa akhristu chibadwire cha mpingo. Funso lake ndi ili: kodi lamulo la chipembedzo ndi chikondi zikamaoneka ngati zikukokana, mkhristu atsate chiti?

Funsoli si la anthu ophunzira okha ayi. Limafika pa bwalo la akulu a mpingo pamene akuŵeruza mlandu wa mtsikana amene watenga pathupi asadakwatiwe. Limafikanso pa maliro a munthu amene wamwalira ali wodulidwa mu mpingo, abale ake maso ali kunjira kuti aone ngati akhristu anzake abwera kudzakhuza. Yankho limene mpingo umapereka pa nthaŵi zotere limakhala m'mitima ya anthu zaka zambiri, ndipo ena amabwerera kwa Mulungu kapena kumuthaŵiratu chifukwa cha yankho limenelo.

Tiyambe ndi kulipatsa ulemu lamulo, pakuti ambiri amathamangira kulinyoza asadalimvetse. Aphunzitsi a Chiyuda ataŵerenga malamulo onse a m'mabuku asanu a Mose adapeza kuti alipo 613, oletsa 365 ndipo olamula zoti munthu achite 248. Pa za Sabata pokha, buku lawo lotchedwa Mishnah, limene lidalembedwa cha m'ma 200 Yesu atabadwa, limatchula mitundu 39 ya ntchito zoletsedwa, monga kulima, kukolola, kusoka, kumanga mfundo ndi kukoleza moto. Wina angaseke, nkumati anthuŵa adachulutsa gaga m'diŵa. Koma tikumbukire kuti m'chaka cha 167 Yesu asadabadwe, mfumu yachilendo, Antiochus Epiphanes, idaletsa Ayuda kusunga Sabata ndi kuchita mdulidwe, ndiponso idaŵakakamiza kudya nyama ya nkhumba. Ambiri adasankha imfa m'malo motaya mwambo wa Mulungu wawo. Chinthu chimene makolo ako adafera sungachitaye ngati sanza.

Tisaiŵalenso kuti lamulo la chikondi lidachokera m'mabuku omwewo. Pamene Yesu adafunsidwa za lamulo loposa onse, adatenga limodzi m'buku la Deuteronomo mutu 6, lonena za kukonda Mulungu, ndi lina m'buku la Levitiko mutu 19, lonena za kukonda mnansi. Aphunzitsi a Chiyuda nawonso adaphunzitsa kuti moyo wa munthu ukakhala pangozi, Sabata liyenera kupatuka. Choncho nkhani yathuyi isamveke ngati mlandu wa Ayuda. Ndi mlandu wa mtima wa munthu aliyense wopembedza, inu ndi ine.

Aliyense amene adalimapo dimba amadziŵa ntchito ya mpanda. Popanda mpanda, mbuzi ndi nkhumba zimatha ndiwo zonse tsiku limodzi. Koma palibe munthu amene adapsa mtima ndi njala nkukazula mpanda kuti aphike. Tiyerekeze mlimi amene m'maŵa uliwonse amayendera mpanda wake, kumanga pamene luzi laduka, kutseka pamene pali mpata, koma mpiru ndi matimati osazithirira madzi. Pakutha pa mwezi mpanda udzakhala wokongola m'mudzi monse, m'kati mwake muli fumbi lokhalokha. Lamulo ndi mpanda. Dimba lake ndi munthu amene Mulungu adamulenga ndi kumukonda.

Luka, pa mutu 13 wa Uthenga Wabwino wake, amasimba za mai wina amene adakhala woŵerama msana zaka 18, osatha kuŵeramuka. Yesu adamuona m'sunagoge tsiku la Sabata, adamuitana, namuchiritsa. Mkulu wa sunagogeyo adaipidwa nazo, nauza anthu kuti masiku ogwira ntchito alipo asanu ndi limodzi, azibwera masiku amenewo kudzachiritsidwa. Tikaganiza bwino, mau a mkuluyu adali ndi nzeru yake. Maiyo sadali pafupi kufa. Munthu amene wapirira zaka 18 angalephere bwanji kudikira tsiku limodzi lokha? Koma Yesu adamukumbutsa kuti iwo omwe amamasula ng'ombe ndi bulu m'khola pa Sabata kuti zikamwe madzi, osanena kuti ziyembekeze kucha. Nanga mwana wa Abrahamu, womangidwa zaka zonsezo, achedwerenji kumasulidwa?

Onani, omvera, kuti Yesu sadagwetse mpanda. Iye mwini adali m'sunagoge tsiku limenelo, kusunga Sabata monga mwa chizoloŵezi chake. Chimene adakana ndi kuti tsiku loperekedwa kuti anthu apumule lisanduke chifukwa chosiyira munthu pa ululu wake. Mkulu uja adaŵerenga masiku, Yesu adaona msana wa maiyo.

Nkhani yachiŵiri idachitika Yesu atakwera kale kumwamba, mu mzinda wa Antiokeya, umene lero umatchedwa Antakya m'dziko la Turkey. Mzindawu udali wachitatu kukula mu ufumu wa Aroma, ndipo nkumeneko kumene ophunzira a Yesu adayamba kutchedwa akhristu. Mu mpingo wa kumeneko mudali Ayuda ndi anthu a mitundu ina, ndipo ankadyera pamodzi. Kwa ife zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma kwa Myuda wosunga malamulo a zakudya, kupisa dzanja m'mbale imodzi ndi munthu wosadulidwa kudali kovuta zedi. Petro atafika ku Antiokeya adadya nawo onsewo popanda nkhaŵa, pakuti adali ataphunzira kale m'nyumba ya Korneliyo ku Kesareya kuti Mulungu alibe tsankho.

Kenaka kudafika alendo ochokera kwa Yakobo ku Yerusalemu. Petro ataŵaona adayamba kudzipatula pang'onopang'ono, mpaka adaleka kudya ndi abale a mitundu ina aja. Ayuda ena adamutsanzira, ngakhale Barnaba yemwe. Taganizani za mkhristu wa Chigriki amene dzulo lake ankadya ndi mtumwi wamkulu, lero akumuona akumuzemba. Popeza masiku amenewo Mgonero wa Ambuye unkachitika pa chakudya cha onse, kugaŵa mbale kudali kugaŵa mpingo paŵiri. Paulo, monga momwe akufotokozera pa mutu 2 wa kalata yake kwa Agalatiya, adamudzudzula Petro maso ndi maso, anthu onse akumva. Cholakwa cha Petro sichidali kusadziŵa. Iye adachita mantha ndi zimene anthu anganene, ndipo lamulo lidamupatsa pobisala.

Apa mpamene pagona phunziro lalikulu kwa ife. Kaŵirikaŵiri tikamaumirira lamulo pamaso pa munthu wovutika, timadzinamiza kuti tikuopa Mulungu, chikhalirecho tikuopa anzathu. Lamulo limatitchinjiriza kuti asatinene. Chikondi chimatiika poyera, pamene aliyense angatiloze chala.

Funso la anthu a mitundu inali lidakambidwanso pa msonkhano wa atumwi ndi akulu ku Yerusalemu, cha m'chaka cha 49, monga tiŵerenga m'buku la Machitidwe mutu 15. Atakambirana kwa nthaŵi yaitali adagwirizana kuti asaŵasenzetse mdulidwe ndi mtolo wonse wa malamulo a Mose. Adangoŵapempha kupeŵa zinthu zinai: zakudya zoperekedwa kwa mafano, magazi, nyama yopotola, ndi dama. Sadanene kuti mpingo ukhale wopanda mwambo. Adasiya mpanda wokwanira kuti abale a mitundu yosiyana athe kukhala pamodzi ndi kudyera mbale imodzi.

Pofotokoza ntchito ya lamulo pa mutu 3 wa kalata yomwe ija kwa Agalatiya, Paulo adagwiritsa ntchito liu la Chigriki lotanthauza kapolo wokhulupirika amene ankaperekeza mwana wa mbuye wake ku sukulu, kumuteteza panjira ndi kumulanga akapulupudza. Omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka m'chaka cha 1922 pansi pa utsogoleri wa mbusa William Murray, adasankha liu lathu lakuti namkungwi. Adasankha bwino. Namkungwi ndi munthu wolemekezeka, ndipo mau ake saaponderezedwa. Koma ntchito yake ndi kukonza namwali kuti akakhale munthu wamkulu pakati pa anthu. Mai wa ana asanu amene angamapite kwa namkungwi m'maŵa uliwonse kukafunsa ngati nkoyenera kupatsa mlendo madzi akumwa, tinganene kuti chilangizo sichidamuloŵe. Malangizo enieni amakhazikika mu mtima, munthu nkumachita zoyenera popanda womuyang'anira. Aphunzitsi amene mukundimvera mukuidziŵa bwino nkhani imeneyi. Mwana amene amakhala chete pokhapokha mphunzitsi ali m'kalasi sadaphunzire mwambo, wangophunzira mantha.

Tsono wina afunsa kuti, kodi ndiye kuti aliyense azichita zimene akufuna, bola anene kuti ali ndi chikondi? Iyai, kutalitali. Paulo yemweyo pa mutu 5 adachenjeza Agalatiya kuti ufulu wawo usakhale danga la zilakolako za thupi, koma uŵafikitse pa kutumikirana. Adatchula zipatso zisanu ndi zinai zimene Mzimu Woyera amabala mwa munthu. Choyamba pa mndandandawo ndi chikondi, ndipo chotsiriza ndi kudziletsa. Munthu amene amasiya mkazi wake ndi ana nkumati akutsata mtima, kapena amene amadya ndalama za mpingo nkumati Mulungu ngwachisomo, sadaloŵe m'moyo wa Mzimu. Wagwetsa mpanda, ndipo mbuzi zaloŵa m'dimba.

Kunena zoona, chikondi chimafuna zambiri kuposa lamulo. Lamulo lili ndi malire, ndipo munthu angathe kunena kuti ndakwaniritsa, nkupita kukagona. Lamulo limaletsa kuba, koma silingakutume kuti utape chimanga m'nkhokwe yako nkukapatsa mai wamasiye amene munda wake udakokoloka. Lamulo limaletsa kupha, koma silingakukhazike usiku wonse pambali pa mphasa ya wodwala amene si mbale wako. Nchifukwa chake ambiri a ife timakonda lamulo. Nlopepuka kusenza, ndiponso limatipatsa muyeso woyezera anzathu.

Tibwere kwathu kuno. Mipingo yathu ili ndi malamulo ake a ukwati, a moŵa, a zovala, a chopereka ndi a maliro. Ambiri a malamuloŵa adaikidwa pa zifukwa zomveka, ndipo ateteza mabanja ochuluka. Akulu a mpingo amene amaŵasunga amagwira ntchito yolemetsa, nthaŵi zambiri popanda malipiro kapena woŵathokoza. Sindikunena kuti chilango chithe. Koma pa mutu 6 wa kalata ija, Paulo akuti wogwa m'tchimo abwezedwe mofatsa, ndipo wombwezayo adziyang'anire yekha, pakuti nayenso angayesedwe. Makolo athu adanena zomwezo pamene adati chaona mnzako chapita, maŵa chili kwa iwe.

Tiyerekeze mai wina wamasiye amene wadulidwa mu mpingo chifukwa chophika moŵa kuti apeze ndalama zolipirira ana ake sukulu. Bwalo laŵeruza monga mwa lamulo, dzina lake lalengezedwa, mlandu watha. Kodi ntchito ya mpingo yathera pomwepo? Ndani mwa oŵeruza aja adzapita kunyumba kwake sabata yotsatira kukafunsa kuti anawo adya chiyani, ndi kuganiza naye njira ina yopezera ndalama? Akadwala, kodi amai anzake adzamutungira madzi, kapena adzalambalala khomo lake poopa kunenedwa, monga adachitira Petro ku Antiokeya? Ngati chilango chamutsekera kunja nkusoŵa womutsatira, lamulo lasungidwa koma munthu watayika. Ndipo ngati mpingo wangoŵeruza maiyo osafunsa kuti udali kuti pamene ana ake ankathamangitsidwa ku sukulu, mlanduwo waŵeruzidwa theka lokha.

Chotero, inu akulu a mpingo, inu atsogoleri a magulu a amai ndi a achinyamata, ndi inu makolo m'mabanja, musanagamule mlandu uliwonse dzifunseni kuti lamulo limene mwagwira m'manjalo lidaikidwa kuti liteteze yani, ndipo ngati chigamulo chanu chimuteteza munthu ameneyo. Mukapeza kuti chikumuteteza, gwirani lamulolo mwamphamvu ngakhale anthu adandaule. Mukapeza kuti chikungoteteza mbiri yanu, imani kaye, mupemphere, muganizenso. Ndipo chigamulo chikaperekedwa, musabalalike musadasankhe munthu woti akamuyendere wolangidwayo.

Inunso amene mudalangidwa kale, ndipo mukumvera muli nokha kunyumba ndi mtima woŵaŵa, dziŵani kuti chigamulo cha anthu si mau otsiriza a Mulungu pa moyo wanu. Mai woŵerama uja sadapemphe kanthu tsiku limenelo. Yesu ndiye adayamba kumuona pakati pa khamu, namuitana kuti abwere pafupi.

Nthaŵi yathu yathera pomwepa. Amene muli ndi Baibulo, ŵerengani Luka mutu 13 ndi kalata yonse ya kwa Agalatiya, imene ili ndi mitu isanu ndi umodzi yokha, ndipo mukambirane ndi anzanu pa zimene mwapezamo.