Kukonzekera mgonero pa banja lotanganidwa: phunziro la ku Sharpevale

Mgonero ndi chakudya chimene chimakumanitsa banja lonse pa mphasa imodzi, ndipo m'makomo ambiri a ku Sharpevale ndi chokhacho chimene chimaphikidwa mokwanira pa tsiku. Chigwa cha Bwanje n'chotentha, choncho alimi amalawirira kumunda kusanache kuti dzuwa likamakula akhale atagwira ntchito yaikulu. Masana ena amatsikira kudimba, ena ali pa ganyu, ena akugulitsa malonda m'mbali mwa msewu wa M5. Pali tsiku la banki m'khonde, la kwaya, la sikelo ya ana, ndiponso maliro amene sapangana ndi munthu. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndipo mdima suchedwa. Wophika akafika pakhomo dzuwa litapendeka amatsala ndi ola limodzi kapena awiri. Zotsatira zake n'zodziwika: ndiwo zimakhala zilizonse zimene zili pafupi, nsima imapsa usiku, ndipo ana aang'ono amagona asanadye kapena amadzutsidwa n'kudya nthongo ziwiri ali m'tulo.

Chimene chimadya nthawi si nsima. Madzi akatentha, kuphika phala, kuvundula ndi kuomola sikupitirira theka la ola. Nthawi imathera pa zinthu zinayi zimene zimayenera kukhalapo nsimayo isanaterekedwe: madzi, nkhuni, ufa ndi ndiwo. Chimodzi chikasowa, zonse zimaima. Kukonzekera mgonero ndiko kuchotsa ntchito zinayizi pa nthawi ya madzulo n'kuziika pa nthawi ina imene manja ali omasuka kapena moto uli woyaka kale. Nyumba imene yadziwa m'mawa kuti madzulo idya chiyani imakhala itamaliza theka la ntchito.

Kufulumira pakokha sikokwanira. Boma la Malawi limaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa monga chimanga, mapira, mpunga, mbatata ndi chinangwa, za gulu la nyemba monga nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza, zochokera ku nyama monga nsomba, mazira, mkaka, mbewa ndi ngumbi, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi zamafuta. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015–16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Ambiri mwa ana otere sagona ndi njala, amakhuta nsima, koma ndiwo zake n'zamtundu umodzi tsiku ndi tsiku. Magulu onse 6 sayenera kukwanira m'mbale imodzi. Amawerengedwa pa tsiku lonse. Ngati m'mawa kunali phala lothira nsinjiro ndipo masana ana adya mango kapena papaya, mgonero umangofunika kutseka mipata yotsala, monga masamba ndi kansomba.

Njira yosavuta yokonzera mlungu ndiyo kusiyanitsa ndiwo potengera nthawi imene zimatenga pamoto. Zochedwa kupsa ndi nyemba zouma, nandolo wouma, nzama, chigwada ndi nkhuku yachikuda. Zapakati ndi usipa, matemba, mfutso ndi nyama ya soya. Zofulumira ndi mazira, therere, ndi masamba aawisi monga nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi mpiru. Ndiwo zochedwa zimaikidwa pa tsiku limene wina akhala pakhomo, monga tsiku lochapa kapena lotongola chimanga. Zofulumira zimasungidwira tsiku la msika, la msonkhano kapena lopopera thonje. Mwachitsanzo, banja limene mayi amapita ku banki m'khonde Lachitatu masana lingaphike nyemba Lachiwiri, Lachitatulo n'kudya mazira ndi nkhwani, Lachinayi usipa ndi therere. Ndondomeko yotere siifuna kope. Imangofuna kuti anthu a m'nyumbamo akambirane Lamulungu madzulo za masiku amene adzakhale otanganidwa kwambiri.

Nyemba ndizo zimafunika kuzilongosola bwino, chifukwa ndi ndiwo zotsika mtengo zomanga thupi, komanso ndizo zimatha nkhuni kuposa zina zonse. Nyemba zouma zongoterekedwa osaviika zimatenga maola 2 mpaka 3, ndipo zikakhalitsa m'thumba zimalimba kwambiri. Zikasankhidwa n'kuviikidwa m'madzi usiku wonse, maola 8 mpaka 12, nthawi yophika imatsika pafupifupi ndi theka. Madzi oviikirawo amatayidwa, ndipo zimenezi zimachepetsa kudzaza m'mimba kumene kumachititsa anthu ena kuzikana. Ambiri amathira soda kapena chidulo kuti zifewe msanga. Zimafewadi, koma soda amawononga mavitamini ena, ndipo nyemba zoviika sizimufuna. Mitundu ya nyemba imasiyananso: NUA 45 inatulutsidwa chifukwa ili ndi ayironi wambiri wothandiza kuwonjezera magazi, ndipo ndi yoyenera pakhomo pamene pali mayi woyembekezera. M'chigwa muno, momwe nyemba sizichita bwino ngati kumtunda kwa Tsangano ndi Lizulu, khobwe ndi nandolo ndizo zodalirika, ndipo khobwe amapsa msanga kuposa nyemba.

Palinso njira yophikira nyemba popanda kuzilondera. Nyemba zoviika zimawiritsidwa mwamphamvu kwa mphindi 20 mpaka 30, kenako poto amaphulidwa ali chivundikirire n'kuikidwa m'dengu loyalidwa nsanza zoyera, udzu wouma kapena masamba ouma a nthochi, pansi, m'mbali ndi pamwamba. Kutentha kotsekeredwako kumapitiriza kuphika kwa maola 3 kapena 4. Wophika amanyamuka kupita kudimba, pobwera n'kupeza nyemba zafewa, kwangotsala kuziwiritsanso n'kuthira tomato, anyezi ndi mchere. Kuwiritsanso kumeneku n'kofunika ndithu. Kutentha kwa m'Okutobala ndi Novembala kumasasitsa nyemba msanga, ndipo nyemba zimene zayamba thovu kapena fungo lowawasa siziyenera kudyedwa ngakhale zitatenthetsedwa. Njira ina ndi chipere. Nyemba kapena khobwe zikachotsedwa makoko pa tsiku lopuma n'kusungidwa zouma, zimapsa msanga ndipo ana aang'ono amadya mosavuta.

Nsinjiro ndi chinthu china chimene chimapulumutsa madzulo otanganidwa. Masamba otendera amapsa m'mphindi zochepa, safuna mafuta ogula, ndipo m'mbale imodzi mumalowa magulu awiri kapena atatu. Vuto ndi lakuti kusinja ndi kusefa kumachedwetsa ngati kukuchitika nthawi yophika. Nsinjiro za masiku 3 kapena 4 zingasinjidwe kamodzi n'kusungidwa m'chitini chouma chotseka bwino. Kupitirira pamenepo zimayamba kununkha mafuta. Mtedza wosinja uyenera kusankhidwa kaye. Pali chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya wonyala ndi wowola kuti ukhale wa nsinjiro, ndipo ichi n'cholakwika, chifukwa mtedza wa chuku uli ndi poizoni amene satha ndi moto, amawononga chiwindi, ndipo amalepheretsa ana kukula bwino.

Masamba aawisi amafuna kuphikidwa komalizira, m'madzi ochepa, poto atavundikiridwa, ndipo amaphulidwa akadali obiriwira. Amatsukidwa asanadulidwe. Kadimba ka pakhomo kothiriridwa ndi madzi otsukira mbale, kokhala ndi mizere ingapo ya mpiru, bonongwe ndi mtengo umodzi wa cham'mwamba, kamachotsa ulendo wokasaka ndiwo madzulo, bola katchingidwe ndi mpanda chifukwa cha mbuzi ndi nkhuku. M'chilimwe mfutso ndiwo umagwira ntchito imeneyi. Nkhwani, khwanya ndi chitambe zimafutsidwa m'Febuluwale ndi Malichi pamene zili mbwee. Kuyanika pa mthunzi podutsa mphepo kumasunga mtundu ndi mavitamini kuposa kuyanika pa dzuwa lamphamvu. Mfutso ukaviikidwa m'madzi ofunda pamene wophika akukoleza moto, umapsa nthawi imodzi ndi nsima.

Kayendetsedwe ka moto kamasintha zambiri. Pa mafuwa atatu, kutentha kochuluka kumathawira m'mbali. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo n'kuotchedwa, imasunga kutentha ndipo imayaka ndi tinkhuni ting'onoting'ono, zitsononkho ndi mapesi a nandolo, zinthu zimene zimapezeka pakhomo. Nyumba yokhala ndi mbaula ndi mafuwa ingaphike ndiwo ndi nsima nthawi imodzi m'malo modikira poto mmodzi aphulidwe. Pamene pali moto umodzi wokha, ndiwo zochedwa zimayamba, masamba amatsatira, nsima imamaliza, ndipo makala otsala amatenthetsa madzi osamba kapena kuotcha mbatata ya kadzutsa wa mawa. M'dzinja, mtolo wa nkhuni za masiku awiri uyenera kukhala pansi pa denga. Nkhuni zonyowa zimachedwetsa chakudya ndipo utsi wake umapweteka maso ndi chifuwa cha mayi ndi mwana amene ali kumsana.

Si lamulo kuti mgonero ukhale nsima tsiku lililonse, ngakhale ambiri amati sanadye ngati sanaione. Futali, mbatata yophika pamodzi ndi nsinjiro, imapsa mu poto mmodzi ndipo imakhutitsa. Ikakhala mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira kapena Chipika, imapereka vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi. Maungu, nthochi zophika ndi chinangwa nazonso zimapsa mu poto mmodzi ndipo zimakhutitsa. Mpunga supezeka movuta kuno, popeza sikimu yothirira ya Bwanje Valley ya m'boma la Dedza ili pafupi, ndipo mpunga ndi khobwe ndi chakudya chokwanira. Pa ufa, mgaiwa umapambana ufa woyera pa zinthu ziwiri: uli ndi michere imene imatayika pokonola, ndipo sufuna masiku oviika mphale ndi kuyanika. Ulendo wa kuchigayo uyenera kukhala ndi tsiku lake, ufa usanathe, chifukwa magetsi akazima chigayo chimaima ndipo banja lodikira ufa wa tsiku lomwelo limagona ndi njala.

Pa zogula, kugula kamodzi pa tsiku la msika kumapulumutsa ndalama ndi nthawi. Mchere wokhala ndi ayodini, anyezi, usipa wouma ndi mafuta zimasungika mlungu wonse. Mafuta a m'timapepala ta tsiku ndi tsiku amaoneka otsika mtengo, koma akawerengedwa pa mwezi amaposa mtengo wa botolo. Usipa ndi utaka zimafika kuchokera kunyanja kudzera ku Golomoti ndi ku Chipoka, ndipo mtengo wake umakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo. Zikatsika mtengo ndi nthawi yogula zambiri n'kuziumitsanso pa dzuwa. Usipa wokazinga pang'ono n'kusinjidwa wathunthu, mitu ndi minga yomwe, umasanduka ufa umene supuni imodzi yokha imalemeretsa phala la mwana kapena poto wa masamba. Ndalama za thonje ndi za nandolo zimabwera kamodzi pa chaka, ndipo banja limene silipatula gawo la ndiwo nthawi yomweyo limafika m'Disembala likudya nsima ndi masamba opanda mchere.

Zonsezi sizingatheke ngati ntchito yonse ili pa munthu mmodzi. Mayi amene walima mizere yofanana ndi bambo m'mawa sangathe yekha kutunga madzi kumjigo, kutola nkhuni, kupita kuchigayo, kusamalira khanda ndi kuphika dzuwa lisanalowe. Bambo amene ali ndi njinga angatenge zigubu za madzi ndi thumba la kuchigayo pa ulendo umodzi, ndipo kuwaza nkhuni za mlungu wonse ndi ntchito imene angaigwire Loweruka. Ana a sukulu, anyamata ndi atsikana mofanana, angasankhe nyemba, kuthyola masamba ndi kutsuka mbale. Mtsikana asakhale yekha pa mtondo pamene mlongo wake ali ku mpira, chifukwa nayenso ali ndi ntchito ya kusukulu yoti alembe kusanade.

Mwana wamng'ono sayenera kudikira mgonero wa akuluakulu. Wa miyezi 6 mpaka 8 amafunika kudya kawiri kapena katatu pa tsiku kuwonjezera pa kuyamwa, ndipo wa miyezi 9 mpaka 23 katatu kapena kanayi, ndi tizakudya tina pakati. Ndiwo zikangopsa, gawo lake limapatulidwa tsabola asanathiridwe, ndipo amadyetsedwa kukadali kowala, m'mbale yakeyake kuti zioneke kuti wadya zochuluka bwanji. Msuzi wokha sukwanira. Nyemba, nsomba kapena dzira zimafunika kunyenyedwa n'kusakanizidwa ndi nsimayo.

Chakudya chotsala chimafuna chisamaliro, popeza nyumba zambiri zilibe firiji. Chakudya chophika chikakhala maola opitirira 2 pamalo otentha, tizilombo toyambitsa matenda timayamba kuswana. Mkute ndi ndiwo zogona zimavundikiridwa, ndipo m'mawa zimatenthetsedwa mpaka nthunzi ituluke mkati mwenimweni, osati kungofunditsa pamwamba. Mliri wa kolera umene unayamba m'Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unafala kudzera m'madzi ndi chakudya chodetsedwa. Posamba m'manja musanadye, madzi amathiridwa kuchokera m'kapu, ndi sopo, osati onse kuviika manja m'beseni limodzi.

Ndondomeko ya mlungu imasintha ndi nyengo. Kuyambira Epulo mpaka Julayi zakudya zimachuluka, ndipo ntchito yaikulu ndi yosunga: kupatula khobwe, nandolo ndi mtedza wa pakhomo zogulitsa zisanapite kwa mavenda. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala ndiwo zimachokera kudimba ndi ku mfutso, ndipo zipatso ndi masawu, malambe, bwemba, kenako mango. Miyezi ya Disembala mpaka Malichi ndiyo yovuta koposa, chifukwa ntchito ya kumunda imachuluka pamene nkhokwe yatsika. Pa nthawi imeneyi masamba amamera okha m'minda, ngumbi zimatuluka ndi mvula yoyamba, ndipo ufa umapimidwa ndi kapu imodzi yodziwika pa munthu aliyense kuti thumba lifike pa tsiku limene linawerengedwa. Khobwe wocha msanga ndi maungu obzalidwa ndi mvula yoyamba zimayamba kudyedwa m'Febuluwale, chimanga chisanakhwime.