Mvula Yafupika, Madambo Akuuma Msanga



Makolo athu ankati chizimalupsa chikagwa mu Okutobala, makasu atuluke, ndipo Novembala asanathe mbewu inali m'nthaka. Lero ambiri tikudzala mu Disembala, ng'amba n'kutipeza chimanga chikumasula ngayaye, mvula n'kuleka mu Malichi. Chimanga cha makolo chija, chokonoleka bwino ndi cholimba kwa anankafumbwe, chimafuna pafupifupi miyezi isanu. Miyezi imeneyo sikukwananso.

Mvulayo ikabweranso, imakhuthuka nthawi imodzi. Madzi otere salowa pansi. Amakokolola nthaka n'kuthamangira kumitsinje. Namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi mu Malichi 2023, chaka chotsatira boma n'kulengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018. Madambo amene ankatisungira madimba chilimwe chonse akuuma msanga, ndipo ozunzika ndi amayi ndi atsikana amene amalawirira kumjigo tambala asanalire.

Utsi wa mafakitale a maiko akutali sitingauletse tili pano, komabe mitengo ya m'mbali mwa mitsinje tinadula ndife. Mapira ndi mawere, amene ambiri timawakumbukira pofulula mowa wa mwambo pokha, amapirira ng'amba kuposa chimanga. Mafumu athu, ndikupempha kuti mudzi uliwonse udzaleko mbewu zimenezi dzinja likudzali, zisanatheretu m'nkhokwe za agogo athu.