NG'ALA SI MATHERO A KUPENYA



Mashehe athu, akuluakulu a komiti, abambo ndi amayi, abale ndi alongo. Pa tsiku lachisangalalo ngati lino timayenderana, koma m'makomo ambiri kuno ku Machinga ndi ku Balaka timapeza agogo ali chikhalire pakhonde, akutizindikira ndi mawu okha. Tikafunsa, yankho limakhala loti, "Ndi ukalamba." Ife tikuti ayi, kawirikawiri imakhala ng'ala, ndipo ng'ala imachizika.

Kodi ng'ala n'chiyani? Kuseri kwa mwanadiso kuli kachiwalo koonekera bwino ngati galasi, komwe kuwala kumadzera. Munthu akamakula, kagalasika kamayamba kuchita chifunga pang'onopang'ono mpaka kutsekeratu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri kuposa nthenda ina iliyonse ya maso, ndipo mu 2023 linanena kuti anthu pafupifupi 94 miliyoni saona bwino chifukwa cha nthendayi.

Tingaizindikire bwanji? Choyamba, ng'ala sipweteka. Munthu amangoona ngati kunja kuli utsi. Zilembo za m'buku zimazirala, ulusi sulowa pasingano, usiku magetsi a galimoto amamuthobwa m'maso. Ikakhwima, pakati pa diso pamaoneka poyera. Koma diso likafiira, kupweteka kapena kutuluka mafinya, limenelo ndi vuto lina, musagone nalo. Komanso khanda likaoneka ndi kadontho koyera pakati pa diso, thamangani nalo kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa kuchedwa kumalipha disolo.

Kupatula ukalamba, ng'ala imafulumira chifukwa cha matenda a shuga, kusuta fodya, kuvulala kwa diso, dzuwa lamphamvu, ndiponso mankhwala ena odontheza m'maso ogula mwachisawawa. Choncho a shuga aziyezetsa maso chaka ndi chaka. Fodya tisiye. Asodzi a ku Chilwa, ku Chiuta ndi mu Shire, komanso alimi ampunga amene amatandala padzuwa, azivala chipewa chakhonde.

Tsono nayi mfundo yaikulu, timvetsetse bwino: palibe mankhwala akumwa, odontheza kapena achikuda amene angasungunule ng'ala. Madzi amasamba ndi zina zotere zimene ena amathira m'maso zimangobweretsa zilonda, ndipo diso loti likanachira limawonongekeratu. Safunsa anadya phula. Njira ndi imodzi yokha basi, opaleshoni.

Tikudziwa kuti mawu amenewa amaopsa ambiri. Mphekesera imati madokotala amakolowola diso n'kuliika m'mbale. Limeneli ndi bodza. Diso silichoka pamalo pake. Wodwala amapatsidwa mankhwala adzanzi ali maso, dokotala n'kucheka pang'ono, kuchotsa kagalasi kowonongeka kaja ndi kuikapo kena kapulasitiki. Nthawi zambiri ntchitoyi sipitirira theka la ola, ndipo bandeji imachotsedwa m'mawa mwake. Ambiri amayambiranso kuona tsiku lomwelo.

Luso limeneli si lachilendo kwa ife. Cha m'ma 1000, sing'anga wa Chisilamu, Ammar al-Mawsili, wochokera ku Mosul amene ankagwira ntchito ku Egypt, ankayamwa ng'ala yofewa ndi singano yamphako. Mu 1949, Harold Ridley wa ku London anakhala woyamba kuika kagalasi kopanga m'diso la munthu. Kwathu kuno tikumbukire malemu Dr. Moses Chirambo, dokotala wa maso woyamba wa Chimalawi, amene anakhalaponso nduna ya zaumoyo ndipo anamwalira mu 2010. Ndipo mu 2022 WHO inavomereza kuti dziko la Malawi lagonjetsa trachoma, nthenda ina yochititsa khungu. Ngati imeneyo inatheka, ng'ala ingatikanike bwanji?

Nanga tiyambire pati? Pitani kuchipatala chaching'ono chapafupi, kaya ku Ntaja kaya ku Ulongwe, kapena kuchipatala chachikulu cha boma ku Liwonde ndi ku Balaka, mukafunse a zamaso. Iwo akakupimani, ndipo pakafunika akakutumizani ku Zomba Central kapena ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre. Musadikire kuti diso litsekeretu.

Mukabwerako, tsatirani malangizo. Osatikita diso, pewani utsi wa kukhitchini ndi fumbi, donthezani mankhwala pa nthawi yake, ndipo mubwerere pa tsiku limene mwauzidwa. Za wudhu ndi sijida m'masiku oyambirira, funsani adokotala ndi mashehe, adzakuuzani zochita kuti madzi asalowe m'diso.

Pomaliza, abale ndi alongo, khungu la agogo siligwira agogo okha. Mdzukulu amajomba kusukulu ndi kumadrasa kuti aziwagwira dzanja, mayi amasiya kumunda kuti aziwasamala. Chimene chimalepheretsa ambiri si opaleshoni ayi, koma ndalama yoyendera ndi munthu wowaperekeza. Mutu umodzi susenza denga. Tikabwerera kunyumba lero, aliyense aganizire gogo mmodzi wa pamudzi pake, tisonkherane ya basi, ndipo mnyamata mmodzi adzipereke kuwaperekeza. Insha Allah, pa Eid ya chaka chamawa adzabwera okha kuno, akutipatsa moni potitchula maina.

Eid Mubarak kwa nonse. Wassalaamu Alaikum.