NDEGE YOYENERA KUKONDEDWA

(Mau amene ananenedwa kwa aphunzitsi a masukulu a m'midzi pa msonkhano wao ku Mwase Lundazi)

Palibe mphunzitsi wa kumudzi amene sadziwa cimene cimacitika ndege ikamveka m'mwamba nthawi ya sukulu. Maso onse ali pa zenera, ndipo samu imene inali pa bolodi yaiwalika. Mphunzitsi wina amatola ndodo. Koma wanzeru amatulutsa anawo pabwalo, nawalola kuti afunse. Tsono funso limene ana amadza nalo kawirikawiri ndi ili: kodi ndege yopambana zonse ndi iti?

Funsoli si la ana okha ai. M'maiko ambiri muli acikulire okonda ndege, amene amasunga zithunzi zace, naloweza maina ace, nakangana za izo monga momwe alimi amakanganira za ng'ombe. Ambiri a iwo amatama Concorde, ndege ya Angelezi ndi Afalansa, imene inanyamula anthu kuyambira 1976 kufikira 2003, ndipo inkacoka ku London ndi kufika ku New York m'maora atatu ndi theka. Koma m'dziko la Zambia muli maina atatu amene okonda ndege sawaiwala, ndipo mphunzitsi acita bwino kuwadziwa.

Dzina loyamba ndilo Nkwazi. Imeneyi inali ndege ya mtundu wa DC-10, ya injini zitatu, imene kampani ya Zambia Airways inalandira m'caka ca 1984, niipatsa dzina la mbalame ija iri pa mbendera ya dziko. Inkanyamula anthu oposa 200 kupita nao ku London, ndipo pambuyo pace inafika ndi ku New York komwe. Anthu ananyada nayo, ndipo kunyada kwao kunali koyenera. Koma ndege yotere imafuna bwalo lalitali lolimba, mafuta ambiri ndi ndalama zambiri. Kampaniyo inagwa ndi ngongole mu December 1994. Pa zaka zonse khumi zimene Nkwazi inatumikira dziko, sikanatha kutera pa bwalo la ndege la pa boma la Lundazi ngakhale tsiku limodzi.

Dzina laciwiri ndilo Dakota, imene eni ace ku America amati Douglas DC-3. Inauluka koyamba pa 17 December 1935, patapita zaka 32 ndendende cicokere tsiku lija abale awiri a Wright anauluka masekondi 12 okha m'caka ca 1903. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anapanga zoposa 10,000 za asilikali, ndipo nkhondo itatha zambiri zinagulitsidwa pa mtengo wotsika. Kampani ya Central African Airways, imene inayamba mu 1946, inkatumiza Dakota ku Fort Jameson, kumene lero kuli Chipata. Nayo Wenela inkanyamuliramo amuna a ku Nyasaland opita ku migodi ya ku Joni, nikawatsitsa ku Francistown. Kwa amuna ambiri a m'midzi, imeneyo inali ndege yoyamba ndi yotsiriza imene anakwerapo. Inali ya injini ziwiri, yolimba, yosaopa bwalo la dothi. Ndipo zina zikali kuuluka kufikira lero, zitapyola zaka 80.

Dzina lacitatu ndilo Beaver, ndege yaing'ono ya injini imodzi, yonyamula woyendetsa ndi anthu ena asanu ndi mmodzi. Mbiri ya kapangidwe kace iyenera kumveka bwino. Amisiri a kampani ya de Havilland ku Canada sanayambe ndi kulemba mapulani ao ai. Anayamba ndi kufunsa oyendetsa ndege a kuthengo, amene ankanyamula katundu kupita naye kumene kunalibe miseu, kuti anene cimene ankafuna. Oyendetsawo anayankha kuti liwiro analibe nalo nchito kwenikweni. Cimene ankafuna ndi mphamvu yonyamukira pa malo aafupi, ndi makomo otakata oti mgolo wa mafuta ulowe wonse. Amisiri anamva, nacita comweco. Ndegeyo inauluka koyamba pa 16 August 1947, ndipo pofika 1967 zinali zitapangidwa 1,657. Akale anati safunsa anadya phula. Amisiri amenewa anafunsa.

Beaver inafika ndi kuno ku Africa. Central African Airways inkaitumiza ku Mongu ndi ku mabwalo ena aang'ono a ku Barotseland, kumene madzi a Zambezi amatseka njira caka ndi caka; ndiponso ku Mzimba, kutsidya kwa malire a Lundazi, ndi ku Karonga. Inkanyamula makalata, mankhwala, odwala ndi anchito a Boma. Pamene Zambia Airways inayamba mu 1964, inali ndi Dakota ziwiri ndi Beaver zitatu basi. Ndi ndege zazing'ono zotera pa dothi zimenenso madokotala ouluka a ku Ndola anadalira pamene anayamba nchito yao mu 1965.

Tsono yopambana ndi iti? Munthu wa m'mzinda waukulu anganene Nkwazi, ndipo palibe womtsutsa. Koma mai wodwala m'mudzi wa kwa Mfumu Mwase, mvula itaononga mseu, sathandizidwa ndi ndege yopita ku London. Amathandizidwa ndi ndege yotha kutera pafupi ndi kwao. Cifukwa cace mphunzitsi wa kumudzi akasankha Beaver, asacite manyazi, koma afotokozere ana cifukwa cace.

Kufotokozako sikufuna zipangizo za mtengo wapatali. Mphunzitsi atenge kapepala kopyapyala, akagwire pansi pa mlomo, nauzire mpweya pamwamba pace: ana adzaona kapepalako kakukwera. Kenaka awaonetse kabawi m'mene amatambasulira mapiko ndi mcira pofuna kutera pa nthambi. Phiko la ndege limakankhira mpweya pansi, ndipo mpweyawo umanyamula ndege. Phiko likakhala lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwa ndege, ndegeyo ikhoza kuyenda pang'onopang'ono osagwa, nitera pa bwalo lalifupi. Cinsinsi ca Beaver ndi comweco. Pomaliza awapatse samu iyi: kucokera ku Lundazi kufika ku Chipata pali makilomita monga 180, ndipo Beaver imayenda makilomita monga 200 pa ora limodzi. Kodi ikafika m'mphindi zingati? Nanga munthu wa njinga, woyenda makilomita 15 pa ora, akafika liti?

Pali mau amodzi otsala, ndiwo a mphunzitsi mwini. Ambiri otumidwa ku masukulu a kutali amakhala mtima uli ku tauni, nalemba makalata opempha kusamutsidwa caka ciri conse. Mphunzitsi wotere akumbukire amisiri a ku Canada aja. Asanadandaule kuti ana a kuno ndi ouma mitu, ayambe wafunsa makolo ndi anyakwawa cimene cimacotsa ana m'sukulu nthawi yopalira, ndi cimene iwo afuna kuti ana ao aphunzire. Akatero adzakonza maphunziro otha kutera pa bwalo limene liripo. Ndipo tsiku lina ndege ikadzamvekanso m'mwamba, ndodo ikhale pa malo ace, ana atuluke.