Mtunda wa Pandege Pakati pa London ndi Paris

Ndapemphedwa kulankhulapo za maulendo a pandege ku Ulaya, poti ambiri a ife tili ndi ana ndi abale kumeneko ndipo tsiku lina tidzafuna kukawaona. Ndingotenga mizinda iwiri, London ndi Paris.

Mukaika lula pa mapu, monga tinkachitira pa phunziro la jogalafe, mupeza kuti mizindayi yatalikirana makilomita pafupifupi 340. Ndege yoyamba yoyenda tsiku ndi tsiku pa njirayi inanyamuka pa 25 Ogasiti 1919 ku Hounslow Heath, ndipo inatera ku Le Bourget patatha maola awiri ndi theka. Ndege za masiku ano zimakhala mumlengalenga pafupifupi ola limodzi. Tikiti yokha ingakusokonezeni: ikhoza kunena kuti munyamuka 9 koloko ndi kufika 11 koloko itapitirira. Sikuti ndege yachedwa ayi, koma nthawi ya ku Paris ili patsogolo ndi ola limodzi.

Komatu ola limenelo lisakunyengeni, anzanga. Bwalo la Heathrow lili kumalire a London, makilomita oposa 20 kuchokera pakati pa mzinda, ndipo la Charles de Gaulle nalonso lili kunja kwa Paris chimodzimodzi. Mufunika kufika pabwalo kudakali maola awiri, kupereka katundu, kusechedwa, kudikira pachipata. Mukatera, mzere wina wa mapasipoti ukudikirani, kenaka kudikira sutikesi, kenaka sitima kapena basi yolowa mu mzinda. Mukawonkhetsa zonsezi, maola anayi kapena asanu apita, pa mtunda umene pa mapu sukwana ndi chala chomwe.

Kuyambira 1994 pali sitima ya Eurostar yodzera mu ngalande ya pansi pa nyanja ya English Channel. Kuyambira 2007 imanyamukira pa St Pancras, mkati mwa London, ndi kukaima pa Gare du Nord, mkati mwa Paris, patatha maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20. Mapasipoti amaonedwa musanakwere, tsono mukatsika mumangotuluka. Kwa munthu amene ali kale mu London, ine ndinganene kuti akwere sitima. Ndege ndi yabwino kwa amene akungosintha ndege pa Heathrow, sakulowa mu mzinda.

Chomaliza ndi cha mapepala, ndipo ndicho chimagwetsa anthu ulesi. Dziko la Britain silili m'gulu la maiko a Schengen, pamene France ili momwemo. Mwini pasipoti ya Malawi amene ali ndi viza ya Britain yokha saloledwa kulowa mu France, pandege ngakhale pasitima. Pemphani viza ya Schengen musanagule tikiti.