Mudzi wa Njewa ndi Mipanda ya Njerwa

Nkhani ya lero ikuchokera pa Njewa, pamene munthu amadutsa akachoka mu mzinda wa Lilongwe kuloŵera ku Mchinji, asanafike ku Chitedze. Nthaŵi imene boma lidasamutsa likulu kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975, dera limeneli lidali la minda, madambo ndi nkhokwe. Lero tauni yafika pakhomo. Minda yambiri idadulidwa maploti, ndipo pamene padali mizere ya chimanga paima mipanda ya njerwa.

Komabe mudzi sudafe. Uthenga wa maliro ukamveka, adzukulu amalaŵirira kumanda ndi makasu, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, ndipo nyakwaŵa imaloza malo. Mlendo amene adagula ploti natseka geti, osaoneka pa zovuta za anzake, amadzadabwa tsoka likagwa pakhomo pake: adzukulu amangokhala pansi, makasu ali pambali.

Mudzi umaima pa ntchito yogwirira pamodzi, ngakhale kutsidya kwa nyanja. Ku Ireland kuli kamudzi kotchedwa Kiltegan, kumene kudali likulu la ansembe a chipani cha St Patrick amene akhala akutumikira m'Malaŵi muno. Anthu ake ndi oŵerengeka, koma posesa ndi kukonza mudzi wao mogwirizana, adapambana mpikisano wa ukhondo wa dziko lonselo m'chaka cha 1973.

Choncho wofika kumene pa Njewa asangofunsa malire a ploti lake. Afunsenso njira ya kwa amfumu ndi ya kumanda. Paja akuluakulu adati maliro n'kulirana.